Mapaipi akale omwe amanyamula katundu wa Git

Wolemba mapulogalamu akangotayipa mawu awiri akuti git fetch, ntchito yomwe anzake alemba kutali imamufika m'masekondi ochepa. Iye amangoona manambala akuthamanga pa sikirini. Koma m'kanthawi kameneko pamadzuka mapulogalamu angapo, ena pa kompyuta yake, ena pa seva, ndipo amapatsirana katundu kudzera m'njira yomwe inabadwa zaka zoposa 30 Git asanakhaleko: mapaipi a Unix.

Git ndi chida chosunga mbiri ya zosintha zonse zomwe anthu amapanga m'mafayilo a pulogalamu. Anachiyamba ndi Linus Torvalds mu Epulo 2005, gulu lokonza Linux litataya mwayi wogwiritsa ntchito mwaulere chida china chotere, BitKeeper. Torvalds anali pachangu, choncho sanamange chimpulogalamu chimodzi chochita zonse. Analemba timapulogalamu tambiri, kalikonse ndi ntchito yake, n'kutilumikiza monga anthu a Unix amachitira. Junio Hamano atalandira udindo woyang'anira Git mu Julayi chaka chomwecho, maziko amenewa anali atakhazikika kale.

Ganizo la paipi ndi la Douglas McIlroy wa ku Bell Labs. Mu 1964 iye analemba kuti mapulogalamu ayenera kumalumikizika ngati mapaipi othirira m'dimba, ofuna kutalikitsa azingolumikiza chidutswa china. Ken Thompson anaika mapaipiwa mu Unix mu 1973. Pulogalamu iliyonse ikayamba kuyenda, yomwe akatswiri amaitcha process, imapatsidwa makomo atatu: nambala 0 yolandirira, nambala 1 yotulutsira, ndi nambala 2 yonenera zovuta. Paipi imangolumikiza khomo lotulutsira la pulogalamu ina ku khomo lolandirira la inzake.

Apa ndi pamene Git amaonetsa kuchenjera kwake. Adiresi ya seva ikakhala ya SSH, Git sadzivutitsa n'kutsegula yekha njira ya pa netiweki, kapena kubisa uthenga, kapena kufunsa mawu achinsinsi. Amadzutsa pulogalamu ya ssh yomwe ili kale pa kompyutapo, n'kuiuza kuti ikayendetse git-upload-pack ku seva. Kuyambira pamenepo, chilichonse chomwe Git walemba m'paipi, ssh amachinyamula n'kukachitula pa khomo lolandirira la git-upload-pack, ndipo mayankho amabwerera njira yomweyo. Munthu akamatumiza ntchito yake ndi git push, yodzutsidwa ku seva imakhala git-receive-pack. Pa adiresi ya https, malo a ssh amatengedwa ndi pulogalamu ina yothandizira, git-remote-https, yomwenso Git amalankhula nayo kudzera m'mapaipi. Ngakhale nkhokwe ya mafayilo itakhala pa kompyuta yomweyo, git fetch amadzutsabe git-upload-pack n'kukambirana nayo ngati ili kutsidya kwa nyanja.

Paipi simadziwa pomwe uthenga wina wathera ndi pomwe wina wayambira. Imangotsanula ma byte motsatizana. Git anathetsa vutoli ndi dongosolo lotchedwa pkt-line: mzere uliwonse umayamba ndi zilembo zinayi za manambala a hexadecimal zonena kutalika kwake, kuwerengera ndi zilembo zinayizo. Mawu akuti done pamodzi ndi chizindikiro chotsekera mzere ndi ma byte asanu, choncho amapita ngati 0009done. Mzere wa 0000 umatanthauza kuti gawo limenelo latha.

Kukambirana kwake kumayenda motere. Kompyuta ya wopempha ikadziwa nthambi zomwe seva ili nazo, imatumiza mizere ya want yotchula zomwe ikufuna, kenako mizere ya have yotchula zomwe ili nazo kale. Seva imayankha ACK ikazindikira chomwe onse awiri ali nacho, kapena NAK ikapanda kuzindikira. Cholinga n'chakuti chomwe munthu ali nacho kale chisatumizidwenso, ndipo n'chifukwa chake git fetch ya tsiku ndi tsiku imadya bandulo yochepa poyerekeza ndi git clone yoyamba, yomwe imakopera nkhokwe yonse. Akagwirizana, git-upload-pack amadzutsa pulogalamu inanso, git pack-objects, yomwe imapanikiza zofunikazo m'phukusi limodzi n'kumalitsanulira m'paipi. Kumbali ya wolandira, git index-pack kapena git unpack-objects amakhala akulandira phukusilo pomwe seva isanamalize n'komwe kulipanga.

Palibe woimira pakati kuti aziuza wothamanga kuti achepetse liwiro. Paipi yokha ndi yomwe imachita zimenezo. Pa Linux imasunga ma byte 65,536 mwachizolowezi. Ikadzaza, wolemba amaimitsidwa mpaka wowerenga atachotsamo zina. Netiweki ikamayenda pang'onopang'ono, kudikirako kumafalikira chammbuyo mpaka kwa wopanga phukusi ku seva.

Nanga mizere yoyamba ndi mawu akuti remote, yomwe imaonetsa kuti seva yawerenga zinthu zingati, imadutsa kuti? Imadutsa m'paipi yomweyo. Git amaika byte imodzi kutsogolo kwa chidutswa chilichonse: 1 ndi katundu weniweni, 2 ndi nkhani ya pomwe ntchito yafika, 3 ndi vuto lalikulu loimitsa zonse. Amazitcha sideband.

Kudalira paipi chonchi kuli ndi mtengo wake, ndipo oyang'anira maseva ambiri anaulipirapo. Git amakhulupirira kuti chilichonse chotuluka m'paipi chachokera kwa git-upload-pack. Wina akaika m'fayilo yoyambira ya shell ku seva lamulo losindikiza moni, monga Welcome, moniyo ndi amene amayamba kufika. Git amatenga zilembo zinayi zoyambirira, Welc, n'kuyesa kuziwerenga ngati nambala. Zimakanika, ndipo amaima ndi uthenga wodandaula za bad line length character. Munthu akhoza kutaya tsiku lonse akufufuza netiweki pomwe cholakwa ndi ulemu wa seva basi. Uthenga wina wotchuka, wonena kuti mbali yakutali yadula mwadzidzidzi, nawonso sunena zambiri: Git amangodziwa kuti paipi yatsekeka, osati chomwe chapha pulogalamu ya kutsidyako. Ofuna kuona zenizeni amaika GIT_TRACE=1 kutsogolo kwa lamulo kuti aone pulogalamu iliyonse yomwe ikudzutsidwa, kapena GIT_TRACE_PACKET=1 kuti awerenge mizere ya want ndi have ikudutsa.

Vuto loopsa kuposa apa linaululika mu Ogasiti 2017. Popeza Git ankangotenga dzina la seva m'adiresi n'kulipereka kwa ssh, munthu wa zolinga zoipa ankatha kulemba adiresi yomwe dzina la seva likuyamba ndi kamzere, ndipo ssh ankaliwerenga ngati lamulo, monga la ProxyCommand, lomwe limayendetsa pulogalamu pa kompyuta ya wopemphayo. Adiresi yotereyi inkatha kubisidwa m'ma submodule, nkhokwe zina zolumikizidwa m'kati mwa nkhokwe yooneka yabwinobwino. Mercurial ndi Subversion, zida zina zosunga mbiri ya mafayilo zomwenso zimadzutsa ssh m'njira yofanana, zinapezeka ndi bowo lomwelo, ndipo magulu atatuwa anatulutsa zokonza pa nthawi imodzi. Kuyambira pa Git 2.14.1, dzina la seva loyamba ndi kamzere limakanidwa ssh asanadzutsidwe.