Bala la shuga silipola mtima uli m'malere

Kale matenda a shuga tinkati ndi a mabwana a m'tauni, koma lero akupezeka ngakhale mwa alimi a fodya kuno kwa Njombwa ku Kasungu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi matendawa.

Choopsa kwambiri pa nthendayi ndi bala la kuphazi. Shuga akakhalitsa ali wokwera amawononga mitsempha, phazi limachita dzanzi, magazinso sayenda bwino. Munthu amabayidwa ndi minga kapena chiputu kumunda osamva kanthu, n'kudzazindikira patayamba kutuluka mafinya. Akachedwa, mapeto ake ndi kudulidwa chala kapena mwendo.

Za mankhwala ndi zakudya achipatala amatiuza. Chimene sitikambirana m'midzi mwathu ndi nkhawa, pomwe nayonso imachedwetsa bala.

Mu 1995, Janice Kiecolt-Glaser ndi anzake a pa yunivesite ya Ohio State ku America anayerekeza magulu awiri a amayi. Ena ankadwazika abale awo odwala matenda oiwalaiwala, ena analibe mtolo wotere. Onse anawacheka kabala kofanana pamkono. Mwa odwazika aja kabalako kanachedwa kupola ndi masiku pafupifupi 9. Ngati nkhawa ikutero pakabala kochepa chonchi, nanga paphazi la wodwala shuga?

Chimachitika n'chakuti munthu akamada nkhawa nthawi yaitali, thupi limatulutsa kwambiri mchere wotchedwa cortisol. Umenewu umakweza shuga m'magazi ndi kufooketsa chitetezo cholimbana ndi tizilombo pabala. Komanso wankhawa sagona, amaiwala mapiritsi, ndipo ena amathawira kumowa ndi kusuta, zomwe zimaonjeza vuto.

Kuno zodetsa nkhawa sizisowa. Mlimi wauzidwa kuti asapondetse phazi pansi, koma fodya wafika pothyola, ngongole ya fetereza ikudikira, fizi ikufunika, ndipo sakudziwa ngati mabelo ake sakabwezedwa ku Chinkhoma. Amamanga kasanza n'kulowa m'munda. Ife aphunzitsi timazionera pa ana: mwana wochangamuka amayamba kujomba chifukwa ndiye walowa m'malo mwa bambo kuchigafa.

Pamwamba pa izi timaonjeza tokha mantha. Bala likangokana kupola, timayamba kunong'ona kuti anaponda mankhwala. Wodwala amayamba kukayikira abale ake enieni, alendo amatha pakhomo, ndipo miyezi yofunika kukhala kuchipatala imathera kwa asing'anga.

Anzathu a ku Zimbabwe anapezako njira. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare, momwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala kumvetsera anthu osweka mtima, n'kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzi ndi limodzi. Agogo otere, mipingo ndi mabanki a m'mudzi nafenso tili nazo.

Tsono achibale, gawanani mizere ya wodwala kuti phazi lipumuledi. Nkhani za ngongole ndi mikangano ya malire zisamathere pamphasa pake. Mukapita kukazonda, siyani kusimba za uje amene anadulidwa mwendo, chezani naye zomuseketsa ndipo mumulole anene zakukhosi. Mumperekeze tsiku lokaonana ndi dokotala, ndipo wina wa maso abwino azimuona kunsi kwa mapazi madzulo aliwonse, popeza mwini wake samva ululu.

Mtendere wa mumtima sulowa m'malo mwa chipatala. Bala likatupa, likayamba kununkha kapena kuda, kaya wodwala watentha thupi, thamangirani kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Kasungu tsiku lomwelo. Mankhwala ndi ntchito ya dokotala, koma kupeputsa mtolo wa wodwala ndi ntchito yathu apabanja ndi apamudzi.

Mphunzitsi wa sekondale,
Njombwa, Kasungu