Bentley pa msewu wa ku Monkey Bay: ndi ulemu kapena mtolo?

Anyamata ambiri a ku Mangochi amene anakhalako ku Joni anaionapo ku Sandton: Bentley Continental GT, ya zitseko ziwiri, yonyezimira. Ena mumtima amati, "Tsiku lina ndidzaoloka nayo pa mlatho wa Bakili Muluzi, kwathu adzandidziwe."

Galimotoyi inatuluka mu 2003 ndi injini ya masilinda 12, ndipo imathamanga kupitirira makilomita 300 pa ola. Koma liwiro limenelo mukaliponda pati? Kuchoka pa boma kupita ku Monkey Bay, msewu mumagawana ndi akabaza, mbuzi ndi ana asukulu. Ndi yotsika kwambiri, moti pa hampu mumachita kuwerenga mapemphero.

Kugula ndi chiyambi chabe. MRA ikudikira msonkho wake pa boda. Mafuta imapapira, ndipo akasowa, pamzere mumaima limodzi ndi minibasi. Chitsulo chikafa, mudikira chichokere ku Joni, galimoto ili pansi pa mtengo wa mango.

Kulota sikuletsedwa, achimwene. Koma musanatulutse thukuta la zaka zonsezo, dzifunseni kaye: ikaima mwezi wathunthu, pakhomo adya chiyani?