Kodi Mumadziwa? Mabwato Owoloka Chigwa M'mwamba ku Wales

Kumpoto chakum'mawa kwa Wales kuli mlatho wotchedwa Pontcysyllte, womwe pamwamba pake pamayenda madzi, moti mabwato amawoloka chigwa cha mtsinje wa Dee ali m'mwamba mamita 38. Mlathowu, womwe ndi wautali mamita 307, unatsegulidwa mu 1805 utamangidwa motsogoleredwa ndi Thomas Telford ndi William Jessop, ndipo ndi gawo la ngalande ya Llangollen, njira ya madzi yokumbidwa ndi anthu yomwe kale inkadutsa mabwato onyamula malasha ndi miyala.

Madziwo amayenda m'ngalande yachitsulo yokhazikidwa pa zipilala zamiyala, yopapatiza kwambiri moti bwato limodzi lokha ndilo limakwanamo. Mbali imodzi kuli kanjira kotchingidwa ka oyenda pansi, komwe kale akavalo okoka mabwato ankadutsa, pomwe mbali inayo kulibe chotchinga chilichonse, choncho wokhala m'bwato akasuzumira amangoona mitengo ndi mtsinje uli pansi patali, zomwe zimachititsadi nthumanzi.

Bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2009, ndipo m'tauni ya Llangollen alendo amakwerabe mabwato okokedwa ndi akavalo.