Mtengo wa fodya umayambira pakompyuta ya bwana

Pamene malole odzaza mabelo akuyamba kundanda pamsika wa Chinkhoma m'boma la Kasungu mwezi wa Epulo, mabwana a makampani ogula fodya amakhala atadziwa kale zomwe mlimi akudikira kumva mtima uli m'mwamba. Amadziwa kuchuluka kwa fodya amene ali m'zigafa, amene makasitomala awo akunja akufuna, komanso ndalama zomwe akonza kuti agulire.

Mabwanawa amadziwa zonsezi kudzera m'manambala, ndipo ambiri mwa manambalawo amachokera m'munda mwa mlimi yemweyo.

Mlangizi wa kampani akatulukira pa njinga yamoto ku Santhe, ku Chamama kapena kwa Chulu, amakhala ndi foni kapena tabuleti m'manja. Amayeza munda ndi GPS, n'kulemba tsiku lofesa nazale, tsiku lookera, matumba a feteleza omwe mlimi watenga pangongole, mitengo yomwe wabzala, ngakhale anthu omwe akugwira ntchito pamundapo ndi zaka zawo. Kampani ya Universal, yomwe ili ndi masheya ambiri mu Limbe Leaf, ili ndi pulogalamu yake ya ntchitoyi yotchedwa MobiLeaf, pomwe Alliance One ili ndi Grower Management System.

Zolembedwazo zikafika kumaofesi, bwana wamkulu sawerenga dzina la mlimi mmodzimmodzi. Kompyuta imamuphatikizira zonse mwachidule: mahekitala omwe alimidwa m'dera lakutilakuti, zokolola zomwe zikuyembekezeka, madera omwe mvula yadula ndi ngongole zomwe zingathe kulowa m'madzi. Apa m'pamene amaganizira kuti chaka chamawa alembe alimi angati pakontirakiti, aitanitse feteleza wochuluka bwanji, akongole ndalama zingati kubanki, ndiponso awalonjeze chiyani opanga ndudu kunja. Kalabu yonse ikhoza kuchotsedwa pamndandanda ndi munthu amene sanapondepo m'mudzimo.

Alimi omwe adalima fodya m'chaka cha 2011 akudziwa bwino zomwe zimachitika dziko likalima mosawerengera. Chaka chimenecho Malawi adagulitsa fodya woposa makilogalamu 230 miliyoni, wochuluka kuposa amene ogula ankafuna. Mitengo idagwa, mabelo ankabwezedwa kangapo pa okushoni, ndipo mabanja ambiri adalephera kulipira matenanti awo. Chaka chotsatira alimi adagwa ulesi moti fodya adatsika kufika pafupifupi makilogalamu 80 miliyoni, ndipo ogula omwewo adayamba kumulimbirana. Amene adasiya kulima adangomva mitengo yabwino pawailesi.

Mu 2012 boma lidavomereza ndondomeko ya Integrated Production System, yoti fodya wambiri, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, azigulitsidwa kudzera m'makontirakiti. Cholinga chidali choti kampani iziyamba yadziwa kuchuluka kwa fodya yemwe ikufuna, kenako n'kupeza alimi omulima. Lamulo la Tobacco Industry Act la mu 2019 lidasintha bungwe la Tobacco Control Commission kukhala Tobacco Commission, lomwe limalembetsa alimi, kuwapatsa layisensi ndi mulingo wa fodya woti alime. Bungweli limayenderanso minda kangapo m'dzinja pofuna kuyerekeza zokolola, n'kuzifananitsa ndi zomwe makampani anena kuti agula.

Padachitikanso china chomwe chidaonetsa kulemera kwa zolembedwazi. Mu Novembala 2019, nthambi yoona za katundu wolowa m'dziko la America idalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa padoko pokayikira kuti amalimidwa pogwiritsa ntchito ana ndi anthu okakamizidwa. Kampani iliyonse idayenera kupereka umboni wake payokha. Alliance One ndi Limbe Leaf adamasulidwa mu 2020, Premium mu 2021. Umboni wotere sungapezeke ngati kampani sikutha kulondola belo kuchoka pasitima kubwerera kumunda komwe lidachokera. N'chifukwa chake mlangizi amafunsa ngati ana akupita kusukulu, funso lomwe ena amaliona ngati kulowerera za m'banja la eni.

Komatu kompyuta imakhulupirira chilichonse chomwe yauzidwa. Mlimi akalembetsa hekitala imodzi n'kulima ziwiri, kapena mlangizi akalemba lipoti ali pamthunzi pa tiledingi senta osafika kumunda, bwana amakonza mapulani a chaka chonse pa bodza. Palinso fodya amene amagulidwa ndi mavenda akadali m'chigafa, wina n'kuzembetsedwa kupita ku Zambia, poti Kasungu ndi wa m'malire. Fodya ameneyu saoneka m'kaundula aliyense, koma akasefukira pamsika mtengo umagwera onse, olembetsa ndi osalembetsa omwe.

Chodandaulitsa kwambiri n'choti manambalawa amayenda njira imodzi. Mlimi amayankha mafunso onse, koma nthawi zambiri chomwe chimamubwerera ndi kapepala kosonyeza zomwe wagulitsa ndi zomwe amudula. Kampani imadziwa mbiri ya munda wake wa zaka zingapo, pamene iye mwini nthawi zina sadziwa ngakhale chiwerengero chenicheni cha ngongole yake mpaka tsiku lolandira ndalama. Makalabu ndi mabungwe ngati TAMA Farmers Trust ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira kuti mlimi aziona zomwe zalembedwa pa dzina lake asanasayine kontirakiti ina.

Nthawi nayonso siikomera mlimi. Zotsatira za kuyendera minda zimatuluka fodya ali kale m'munda, feteleza atathiridwa. Pamenepo kampani ikhoza kusintha mapulani ake ogulira, koma banja la ku Kasungu lidamanga kale mfundo yake mwezi wa Seputembala, tsiku lomwe lidafesa nazale kudambo.