Ng'ombe ya mkaka pakhomo: zomwe zimadya phindu lathu

Ambiri mwa ife amene timaweta ng'ombe za mkaka ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi madera ozungulira Blantyre tili ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola. Ng'ombe imodziyo ndi yomwe imalipira fizi, kugula fetereza komanso ndiwo. Koma ntchito yake siichepa ayi. Ng'ombe sidziwa za maliro, ukwati kapena Eid: kukama ndi kawiri, m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse.

Vuto loyamba ndi chakudya. Nthawi ya dzinja nsenjere zimakhala mbwee, mkaka n'kumatuluka bwino. Ikafika Ogasiti mpaka Novembala, udzu wauma, madeya akwera mtengo, ndowa ija n'kuyamba kubwera theka. Mankhwala ake ndi kukonzekera mvula isanathe. Tidule udzu ukangoyamba kuchita maluwa, tiwumitse ndi kuusunga pamalo osanyowa. Masangwe a mtedza ndi mapesi tisawotche. Masamba a lukina amathandiza kuwonjezera mkaka, koma tiziwasakaniza ndi udzu, osati kupereka okhaokha. Madzinso ndi chakudya: ng'ombe ya mtundu wa Friesian yomwe ikukamidwa imatha kumwa malita opitirira 60 pa tsiku kukatentha. Tikaipatsa ndowa imodzi yokha, tisadabwe mkaka ukatsika.

Vuto lachiwiri, lomwe ambiri sitiliwerengera, ndi kuchedwa kutenga bere. Ng'ombe imakhala ndi bere pafupifupi masiku 283. Imakamidwa miyezi 10, kenaka timaisiya miyezi iwiri kuti ipume isanabereke. Kuti tizipeza mwana chaka chilichonse, iyenera kutenga bere pasanathe miyezi itatu chiberekereni. Nyere imabwera pafupifupi masiku 21 aliwonse ndipo sikhalitsa, nthawi zambiri sikwana tsiku lathunthu. Zizindikiro zake ndi kulira pafupipafupi, kusakhazikika, chikazi chotuluka kumaliseche ndi mkaka kutsikako pang'ono. Tikaona m'mawa, mlangizi wobaya umuna afike madzulo ake; tikaona madzulo, afike m'mawa. Tikaphonya, ndiye kuti masabata atatu apita, ng'ombe ikudya koma mkaka ukunka nuchepa. N'chifukwa chake kope lolembamo masiku n'lofunika ngati khasu.

Lachitatu ndi matenda. Nkhupakupa zimabweretsa East Coast Fever, matenda omwe amapha msanga ng'ombe za mtundu wachizungu kusiyana ndi zathu za makolo. Tizipopera dibi motsatira malangizo a pabotolo. Kutupa kwa bere kumayamba ndi uve wa m'khola ndi m'manja. Tisambe m'manja, titsuke ndi kupukuta bere, ndipo madontho oyamba tikamire m'kapu yakuda kuti tione ngati muli timibulu. Ng'ombe ikabayidwa mankhwala, mkaka wake usapite kukagulitsidwa mpaka masiku olembedwa pa mankhwalawo atakwana.

Chomaliza ndi msika. Ambiri timapereka mkaka ku gulu lathu la balikingi, ndipo kum'mwera kuno magulu ambiri ali pansi pa bungwe la SHMPA. Kumeneko mkaka amauyeza ngati wayamba kusasa komanso ngati wathiridwa madzi. Ufike msanga, pasanathe maola awiri chikamireni, m'chigubu chotsuka bwino. Munthu mmodzi akathira madzi kapena kubweretsa wosasa, thanki yonse ikhoza kukanidwa ndi kampani, ndiye amene amalira ndi anthu onse a m'gulu, kuphatikizapo mayi wamasiye amene anadzuka m'mamawa kukama mwachilungamo.

Pakhomo tigawane ntchito momveka bwino, ana asajombe kusukulu chifukwa chomweta udzu. Ndalama ya mkaka ikabwera, bambo ndi mayi akhale pansi, achotse kaye ya madeya, mchere ndi dibi, kenaka aone zotsalazo. Ndipo pa mkaka wa tsiku lililonse, kapu ya ana izitsala pakhomo.