Anyamata a pa Renki

Kale kabaza inali ya njinga yakapalasa, yokhala ndi khushoni kumbuyo. Lero mu Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'misika ya m'maboma mwadzaza njinga zamoto. Zambiri ndi za ku China ndi ku India, monga Lifan, Kinglion ndi Boxer, ndipo zochuluka zimalowa kudzera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Oyendetsa ake ambiri ndi anyamata. Wina analemba MSCE ntchito osaipeza, wina anagulitsa soya n'kugula njinga, wina anatopa ndi kupalasa.

Si onse amene njingayo ndi yawo. Ambiri amayendetsa ya bwana, ndipo madzulo aliwonse amayenera kupereka tageti, kaya kunali makasitomala kaya mvula inavumba tsiku lonse. Zotsala akagula petulo ndizo zawo. Ena amapangana ndi bwanayo kuti akapereka ndalama kwa miyezi yakutiyakuti njinga idzakhala yawo. Mnyamata wa pangano lotere mumamuzindikira msanga: amapukuta njinga m'mawa uliwonse, ndipo pa dzenje amadutsa pang'onopang'ono.

Ntchito imayamba m'bandakucha ndi amayi a geni opita kukapikula tomato ndi kabichi. Kenako ana a sukulu, kenako a m'maofesi amene achedwa. Masana ndi katundu: thumba la chimanga, malata, mbuzi yomangidwa miyendo. Kumudzi njingayo ndiyo ambulansi ya mayi woyembekezera. Namondwe wa Freddy ataduladula misewu ya kumwera mu 2023, malo ena ankafikika ndi njinga zamoto pomwe galimoto zinali zitalephera.

Wongodutsa amaganiza kuti anyamatawa amangolimbirana makasitomala, poti amawamva akukuwa kuti "Tipite, bwana?" kapena "Tiyeni mayi, ndikakusiyeni!" Koma renki ili ndi malamulo ake. Pali tcheyamani, mlembi ndi msungichuma. Watsopano amalipira kaye ndalama yolowera, ndipo m'marenki ambiri amavala reflekita ya nambala kuti adziwike. Amachita chipereganyu, ndipo matayala atsopano, ndalama ya nyumba kapena fizi ya mwana zimachokera pamenepo. Mnzawo akagonekedwa m'chipatala amasonkha. Achiwembu akamubera njinga usiku (ndipo ena aphedwa kumene ndi anthu onamizira kukhala makasitomala), uthenga umayenda pa WhatsApp, marenki oyandikana onse n'kuyamba kusaka.

Umodzi umenewu umaoneka bwino pa maliro. Wa kabaza akamwalira mu Lilongwe koma kwawo kuli ku Ntcheu, anzake tsiku limenelo saonetsa nkhope pa renki. Amathira mafuta a m'thumba mwawo, n'kutsogolera galimoto ya maliro mumsewu wa M1, nyali zoyatsa, mahutala akulira. Amadutsa Nathenje, Chimbiya, Dedza, Lizulu, kuzizira kwa kumapiri kukuwalasa m'zala. Wina tayala likaphwa, awiri atatu amaima naye, osamusiya yekha m'tchire. Akafika amathandiza adzukulu, amapereka chipepeso kwa mayi wamasiye, ndipo ndalama ya tsikulo yapita. Ineyo ndimaona kuti mabungwe ambiri a anthu a mataye sachita zofika pamenepa. Komabe umodzi womwewu nthawi zina umapsa mtima: galimoto ikagunda mnzawo, ena amathamangira kuzinga dalaivala asanafunse n'komwe kuti walakwa ndani. Zimenezo n'zoipa, ndipo atsogoleri a marenki akuzidziwa.

Kumbuyo kwa njinga iliyonse kuli banja. Akunyumba ndiwo nthawi zambiri amasunga ndalama, kupatula ya ufa, ya banki m'khonde ndi ya sevisi. Makolo kumudzi amalandira ya feteleza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Nyengo ya Khirisimasi njinga yomweyo imasanduka ya ulendo wa kumudzi, shuga, sopo ndi chitenje cha amayi zitamangidwa ndi mphira kumbuyo. Pa ukwati wa mnzawo, anyamata a pa renki amaperekeza akwati mumdipiti kuchokera kutchalitchi, kenako n'kukavina pa perekaniperekani ngati achibale.

Zowawa zilipo zambiri. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu 2023, zipangizo za njinga zinakwera mtengo. Mafuta akasowa amagona pamzere kapena kugula a m'zigubu pa mtengo woliritsa. Choopsa kwambiri ndi ngozi. Ku zipatala za Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, mawodi a othyoka mafupa amalandira anthu ambiri a ngozi za kabaza. Oyendetsa ambiri anaphunzitsidwa ndi mnzawo pabwalo la mpira, alibe laisensi, njinga ilibe nambala ngakhale inshuwalansi. Iwo amati ndalama zolembetsera ku Road Traffic n'zokwera, ndipo pamenepa ali ndi mfundo. Koma kukweza anthu atatu pa mpando wa munthu mmodzi sikukhudzana ndi mitengo ya boma.

Nanu okwera muli ndi mbali yanu. Funsani chisoti musanakwere, kanani kupanikizana awiri kumbuyo, ndipo lekani kuuza mnyamatayo kuti athamange chifukwa inu mwachedwa kudzuka.