Ukwati wa Bodi ndi Chasisi ku Detroit

Munthu amene anazolowera kuona amakanika atazinga galimoto imodzi, wina atakwawira kunsi, wina akufunafuna sipanala, angadabwe kumva kuti Henry Ford nayenso anayamba motero. Pakuti kufikira chaka cha 1913, m'fakitale yake ya ku Highland Park pafupi ndi Detroit, chasisi inkakhala chikhalire pamalo amodzi, amisiri ndiwo ankaizungulira atasenza zitsulo, ndipo kuti imodzi ithe pankapita maola oposa 12.

Nzeru yotembenuza zimenezi akuti inachokera kophera nyama ku Chicago, kumene William Klann, mmodzi wa antchito a Ford, anaona nyama zopachikidwa zikuyenda pamzere, munthu aliyense n'kudulapo chiwalo chake chokha. Chimene opha nyamawo ankachita pophwasula, a kwa Ford anachichita pomanga. Anayesa poyamba pa magineto, imene mmisiri mmodzi ankaimanga mphindi 20; ntchitoyo atawagawira anthu 29, mphindizo zinatsikira pa 13. Mu Okutobala 1913 anayamba kukoka chasisi ndi chingwe, ndipo chaka chotsatira, unyolo utalowa m'malo mwa chingwe, inkatha m'mphindi 93.

Komatu ine ndiyesa kuti chozizwitsa chenicheni sichinali unyolowo ayi, koma kuwerengera nthawi, ntchito imene Clarence Avery, wa kwa Ford komweko, anaigwira modekha ngati wofuna kuona maso a nkhono. Monga timitsinje tithira mumtsinje waukulu, momwemonso mizere ing'onoing'ono ya injini, ya mawilo ndi ya zina inkathira mumzere waukulu, uliwonse pa liwiro loyesedwa, kuti chiwalo chisafike msanga n'kuunjikana, kapena kuchedwa n'kuimitsa anthu mazanamazana. Chilichonse chinali ndi nyengo yake: ekiselo poyamba, kenaka thanki ya mafuta, injini n'kutsika kuchokera kumwamba, pambuyo pake mawilo ndi radiyeta, ndipo potsiriza penipeni bodi inkatsikira pa chasisi, kukumana kumene anthu a ntchitoyi amakutcha ukwati mpaka lero. Walira mvula walira matope: amisiri, potopa ndi kumanga nati imodzimodzi tsiku lonse, ankasiya ntchito mwaunyinji, kotero kuti mu Januwale 1914 Ford analengeza malipiro a madola 5 patsiku kuti awagwire mtima.

Ukwati wa masiku amenewo unalibe milandu, chifukwa kuyambira 1914 mpaka 1925 galimoto ya Ford yotchedwa Model T inkatuluka yakuda yokhayokha, ndipo bodi yofika poyamba ndiyo inkatenga chasisi yofika poyamba. Zinthu zinavuta pamene kampani ina ya magalimoto, General Motors, motsogozedwa ndi Alfred Sloan, inazoloweza ogula kusankha mtundu ndi maonekedwe, mpaka Ford mwini anaileka Model T mu 1927 atapanga zoposa 15 miliyoni. Kuyambira pamenepo, makamaka m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, galimoto iliyonse inkabadwira papepala isanabadwire pachitsulo: a mu ofesi ankalandira maoda a ogulitsa, n'kuipatsa galimotoyo nambala ya malo ake pamzere, ndipo uthenga unkatumizidwa pa waya kwa omanga mipando, opaka penti ndi omanga injini, kuti mpando wofiira, umene unasokedwa kutali, ukapezane ndi bodi yake pa mphindi yoikika. Ankasamalanso kuti magalimoto ofuna ntchito yambiri asatsatizane, koma awalowetse pakati pa opepuka, kuopa kuti mmisiri angamire nayo ntchito mzere ukupitabe.

Mapepala a uthenga umenewo ntchito yawo inkathera pachipata cha fakitale, ndipo amisiri kawirikawiri ankangowatsomeka m'masipuling'i a mpando, pansi pa kapeti, kapena pamwamba pa thanki. Kumeneko n'kumene okonza magalimoto akale amawapeza lero, atafiirira ndi ukalamba, nawatambasula mosamala kuti adziwe penti, injini ndi mipando imene galimotoyo inatuluka nayo.